Makatoni a Pulofesa

"Mwawauza kuti abwere liti?" namwino, mwana wamkazi wa malemu, anafunsa ali chiimire pakhomo la chipinda chowerengera cha mayi ake.

"Lachisanu," mlongo wake anayankha osacheuka. Anali atagwada pansi, akumanga katoni ndi chingwe. "Akufuna kuwalemekeza, achemwali. Holo yatsopano ya chipani aitcha dzina la amayi, ndipo makopewa akawaika m'magalasi."

Panali patangopita masiku anayi chiikireni maliro. Mayi awo anali pulofesa wa maphunziro a ndale. Kwa zaka makumi atatu anayenda m'misika, m'madepoti ndi m'makomo mwa anthu, kufunsa funso lomwelomwelo: kodi mukavota, mawu anu amamveka? Mayankho ake anadzaza makatoni khumi ndi anayi. Namwinoyo ali mtsikana anawaperekezako kangapo. Sanaiwale mzimayi wina wogulitsa masamba amene anayamba wayang'ana uku ndi uku asanatchule bwana yemwe anawaopseza nthawi ya chisankho. Mayi ake anamugwira dzanja mzimayiyo n'kunena kuti, "Lankhulani. Sizidzakubwererani, ndalumbira."

"Anthu aja ankadandaula za achipani omwewo," namwinoyo anatero. "Ndiye mukufuna akawerenge mayina awo?"

"Zakalekale zimenezo."

"Ena akadali moyo, achimwene. Ana awo ali pantchito."

Mlongo wakeyo anasiya chingwe. "Nanga ndikawauze chiyani? Anandipeza pamaliro pomwe, anthu ali gwa kundiyang'ana. Ndinavomera."

Bambo awo anali atakhala pampando wapakona. Chimwalirireni akazi awo ankalankhula mochita kuumiriza.

"Musanakangane, tsegulani kaye," anatero. "Mayi anu sankalola munthu kutsutsa pepala asanaliwerenge."

Namwinoyo anamasula chingwe. Anatulutsa kope limodzi n'kulitsegula pakati. Pamwamba pa tsamba panalembedwa kuti: Nambala 212, wamkazi, wogulitsa pamsika. Pomwe panayenera kukhala dzina panali kabowo kodulidwa bwinobwino ndi lezala. Dzina la msika nalo linali litachotsedwa. Anatsegula tsamba lina, kenako kope lina. Mlongo wake anakhuthula katoni yachiwiri, yachitatu, mpaka pansi ponse panadzaza makope. Monse munali timabowo tokhatokha.

"Ndiye ankachita zimenezi!" bambo awo anatero, akupukusa mutu. "Chaka chatha, adokotala atangowauza za matenda aja, anakhala pakhonde milungu itatu ndi lezala. Tizidutswato ankatiwotcha kuseri. Ndikafunsa ankangoti, 'Ndikusesa m'nyumba, bambo, pitani.'"

Namwinoyo anakhala pansi pakati pa makopewo. Anaseka, misozi n'kutulukira pomwepo. Zinali ngati amutula thumba la mchenga lomwe analisenza chiyambire m'mawa.

Mlongo wake naye anapumira m'mwamba. "Kunena zoona, mtima sunali m'malo chivomerereni," anatero motsitsa mawu. "Ndimangolimba pakamwa."

"Tikawapereke ku laibulale ya kuyunivesite," namwinoyo anatero. "Aliyense azikawerenga. Achipaniwo akafuna, akakhale pamzere ngati ana asukulu."

"Nanga holo ija?"

"Dzinalo atenge ngati akulifuna," bambo awo anayankha. "Koma akawerenga zomwe zili m'makopemu, sindikudziwa ngati adzalifunebe."

Onse atatu anaseka, koyamba chiikireni maliro. Mlongo wakeyo anatuluka ndi foni kukawaimbira achipani aja.

Akulongedzanso, namwinoyo anapeza kope lakale kuposa onse, lachikuto chothethekatheka. Anawerenga tsamba loyamba mokweza.

"Nambala 1, wamwamuna, makaniki. Funso: kodi kunyumba kwanu mawu anu amamveka? Yankho: ayi, akazi anga amangolamula."

Anatukula maso. Bambo ake, amene anakalambira pansi pa magalimoto a anthu, anali atagwira pakamwa.

"Ankayeserera pa ine asanapite kwa anthu," anatero. "Tinali titangokwatirana kumene. Ndinkati ndikuseka."

"Pali zina m'mphepetemu, bambo. Za inki yofiira."

Anawapatsa kopelo. Bambowo analitalikitsa kumaso, nawerenga pang'onopang'ono zolemba za akazi awo: Akunena zoona. Mawa ndimufunse kaye.

"Anakufunsani?"

"Anandifunsa," anatero. "Kenako n'kuchita zomwe ankafunazo. Koma anandifunsa, tsiku lililonse."

"Limeneli tisunge m'nyumba muno?"

Bambowo anasisita inki yofiirayo ndi chala, natseka kopelo. Anawerama n'kuliika m'katoni pamodzi ndi anzake.