Chotsani Phazi Pamsana pa Mwamuna Wanga

Mayi a mapasa anawapeza m'jombo mapiritsi aja. Ankasesa kuchipinda m'mawa, ndiye pokoka jombo zakale za amuna awo kunsi kwa bedi, anamva kanthu kakulira m'katimo. Atagwedeza, kabotolo kanagwera pansi, kodzaza, kosatsegula n'komwe. Anali mapiritsi a BP omwe adokotala anapatsa amuna awo kalekale, omwe bambowo ankalumbira m'mawa uliwonse kuti amwa kale.

Mtima unawapsa. Anaponya tsache pansi n'kutuluka kabotolo kali m'manja.

Amuna awo anali pakhomo akumanga zingwe za nsapato, ndudu ili pakamwa. Ntchito yawo inali yonyamula matumba a simenti kumalo osungira katundu, ndipo anzawo ankawatcha Chitsulo. Dzinali ankalikonda kuposa lawo lenileni, ndipo vuto lonse linagona pamenepo.

"Bambo a mapasa, kodi jombo yanu ikudwala BP?"

A Chitsulo anayang'ana kabotolo kaja, kenako anayang'ana kumbali. "Mwayamba kufufuza m'nsapato zanga tsopano?"

"Ndikufunsa. Wodwala ndi inu kapena jombo?"

"Mapiritsi amenewo amakodzetsa. Ndiye ndizisiya lole ili pamzere n'kumathamangira kuchimbudzi? Anyamata azindiseka?"

"Akusekeni muli moyo! Dzulo pamasitepe apa munaima panjira, dzanja lili pachifuwa, mukupuma ngati mwathamanga. Mukuyesa sindinaone?"

"Ndi msana umenewo. Thumba linandikhala molakwika, ululu n'kutulukira kutsogolo. Anzanga akandiponda lero, zitha."

Kuntchito kwawoko mankhwala a matenda onse anali amodzi: kupondana. Munthu akadandaula kuti penapake pakuwawa, anzake ankayala makatoni pansi, n'kumugoneka chafufumimba, mmodzi n'kuvula nsapato n'kumuyenda pamsana mpaka mafupa kulira. Wopondedwayo ankadzuka akudziwongola, n'kubwerera kumatumba. Pa msana wotopa mwina zinkathandizadi. Koma anthu amenewa anafika pokhulupirira kuti palibe nthenda yoposa phazi.

A Chitsulo anazima ndudu, n'kunyamuka osatsanzika. Mayi a mapasa anatsala pakhomo, kabotolo kali m'manja.

Sanabwerere m'nyumba. Anawoloka kupita khomo loyandikana, kwa anesi, omwe anali atangoweruka kuchipatala ndipo ankachapa yunifolomu yawo m'beseni. Kunena zoona, sanapite kukafuna nzeru. Anapita kukatula mkwiyo.

"Aneba, taonani zimene ndapeza m'jombo! Munthu wamkulu ndevu pepeya, kubisa mankhwala ngati mwana wa sukulu. Ine kumachepetsa mchere m'ndiwo, iye kumakawonjezera yekha kumbali. Masana nyama yamafuta yokazinga pamsewu. Fodya ndiye osanena. Ndatopa naye ine!"

Anesi ankamvetsera uku akufikisa kolala. Koma atamva za pamasitepe paja, manja anaima m'madzi.

"Mwati dzanja pachifuwa? Ululuwo amati ukumveka bwanji?"

"Amati pakulemera, ngati wina wawakhalira. Akapuma pang'ono pamasiya. Koma usiku wathawu amasisitanso mkono wamanzere, ati wachita dzanzi."

Anesi anapukuta manja m'chovala chawo. Nkhope yawo inasintha. "Aneba, mkwiyo uikeni kaye pambali, mumve bwino. Umenewo si msana. Ungakhale mtima ukuchenjeza kuti mtsempha wake watsala pang'ono kutsekeka. Ukatsekeka, munthu amamva kulemera kapena kufinya pakati pa chifuwa, kosasiya. Ululu umatha kuyenderera kumkono, kuphewa, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana. Amatuluka thukuta lozizira, amabanika, amachita nseru kapena chizungulire. Ambiri amati ndi chilungulira, ena amati ndi kutopa, n'kumadikira kuti zitha. Kudikirako n'kumene kumapha."

Mayi a mapasa anakhala pa ndowa yovundikira osadziwa kuti akhala.

"Pitani mukawatenge, akapimidwe lero lomwe, asanyamulenso thumba," anatero anesi. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala ka asipirini. "Amawengedwa ndi asipirini? Anadwalapo zilonda za m'mimba zotuluka magazi?"

"Ayi."

"Tengani. Mukakapeza zavuta, mundiimbire nthawi yomweyo."

M'basi monse mayi a mapasa ankangokonza mawu oti akalankhule. Mantha anali atalowa, koma mkwiyo sunachoke. Ankaganiza za mapasa awo omwe anali asanamalize sukulu. Munthu angasankhe bwanji kusiya ana chifukwa choopa kusekedwa ndi anyamata?

Atalowa pageti anapeza ntchito itaima. Lole inali itatsegula kumbuyo, theka la matumba lili pansi, fumbi la simenti lili koboo. Anthu anali ataunjikana pakona, ena akuseka. Mayi a mapasa anawakankha n'kulowa pakati.

A Chitsulo anali chafufumimba pamakatoni. Pamsana pawo panaima chimunthu chachikulu chopanda nsapato, katswiri wa kuponda, yemwe anzake ankamutcha Chigayo. Ankayenda pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno kupita m'mapewa, wina atamugwira dzanja kuti asagwe. Koma wopondedwayo sankabuula mokondwa ngati mwa masiku onse. Nkhope inali itatuwa kuposa simenti, thukuta lili chuchuchu, ndipo pambali pa makatoni panali masanzi.

"Chotsani phazi pamsana pa mwamuna wanga!"

Mawuwo anamveka mpaka kugeti. Chigayo anadumpha ngati waponda moto.

"Alamu, tikuwathandiza. Anangoti pachifuwa pamanga, ndiye tati tiwamasule..."

"Muwamasule? Maso mulibe? Munthu watuwa chonchi, wasanza, inu mukumuvina pamsana! Mutembenuzeni!"

Kapitawo anatulukira, zala zili pa wotchi. "Mayi, kuno ndi kuntchito. Zakunyumba mukakambirane kunyumba. Chitsulo timamudziwa ife, apuma pang'ono adzuka. Lole iyi ikudikira."

"Idikire! Simenti ili ndi ana kusukulu?"

Sanadikire yankho. Anaimba foni kwa anesi n'kuikweza mawu kuti aliyense amve.

"Mukhazikeni pansi, atsamire khoma, mawondo apinde," anatero anesi mofulumira koma mosanjenjemera. "Masulani lamba ndi mabatani. Asaimirire, asayende. Bambo, mukundimva? Mukumva bwanji?"

A Chitsulo anayankha modukizadukiza. "Ngati thumba... landikhala pachifuwa. Silikuchoka. Mkono... nsagwada..."

"Apatseni asipirini uja atafune, asameze wathunthu. Ine ndikuimbira kuchipatala kuti akonzeke. Ambulansi ingachedwe kufika kumeneko. Pali galimoto pafupi?"

Maso onse anatembenukira ku kagalimoto ka kampani komwe kanaima pamthunzi. Kapitawo anagwira thumba la malaya momwe munali makiyi.

"Imeneyo ndi ya ntchito. Popanda chilolezo cha abwana sindingathe..."

Mayi a mapasa anamuyandikira mpaka kapitawoyo anabwerera m'mbuyo. Sanakuwenso. Analankhula motsitsa, ndipo zinaopsa kuposa kukuwa. "Bambo, munthu uyu wakunyamulirani matumba kuyambira ali mnyamata. Akafera pamakatoni apa, mukawauza ndinu ana anga. Mukawauze kuti galimoto inalipo, koma munkadikira chilolezo."

Kapitawo anayang'ana anthu ake. Palibe ankasekanso. Anatulutsa makiyi.

Koma wouma mutu wamkulu anali asanagonje. A Chitsulo anagwira khoma kuti adzuke. "Musandichititse manyazi... Ndingogona pang'ono apa, zitha."

"Pakadafunda padajiwitsa," anatero akazi awo, n'kuwakhazikanso pansi. "Munandinamiza ndi jombo, lero simundinamizanso. Khalani chete! Inu nonse mwangoima, ntchito yanu si kunyamula? Nyamulani!"

Chigayo ndi anzake anawanyamula mosamala, osawaponyera paphewa ngati thumba, n'kuwakhazika pampando wakutsogolo. Munthu amene ananyamula katundu moyo wake wonse, tsiku limenelo ananyamulidwa ndiye.

Kuchipatala anapeza anthu akuwadikira pakhomo. Anawaika pakabedi ka matayala, anawamata timawaya pachifuwa, anawabaya jakisoni, chitseko n'kutsekeka. Mayi a mapasa anatsala pabenchi, simenti ili mbuu m'zovala. Apa m'pamene analira. Analira ndi mantha, analiranso ndi ukali, chifukwa zonsezi zikanapeweka.

Madzulo adokotala anawaitana. A Chitsulo anali atagona, ofooka, koma maso ali otsegula ndipo nkhope itayamba kubwerera.

"Mwachita bwino kufulumira," anatero adokotala. "Mtsempha unatsekeka, tautsegula. Mukanachedwa, bwenzi tikukamba zina."

"Koma adokotala," anatero a Chitsulo ndi mawu otsika, "ine ndine munthu wamphamvu. Ndimagwira ntchito yathukuta. Matenda amenewa si a mabwana okhala pampando?"

"Sasankha, bambo. Mtima nawo ndi mnofu, ndipo uli ndi mitsempha yake youbweretsera magazi. Mafuta amaunjikana m'kati mwa mitsemphayo pang'onopang'ono, ngati simenti youmira m'paipi. Njira imachepa. Tsiku lina magazi amaundana pamalo opapatizapo, njira n'kutsekeka, gawo la mtima n'kuyamba kufa. Zimene zimabweretsa zimenezi ndi fodya, BP yosasamalidwa, matenda a shuga, zakudya zamafuta ndi mchere wambiri, mowa wopyola muyezo, kunenepa kwambiri ndi kusayendayenda. Ukalamba nawo umawonjezera, ndipo nthawi zina ndi zakumtundu. Kwanu alipo anamwalira mwadzidzidzi?"

A Chitsulo anavomera ndi mutu. "Bambo anga. Anangogwa ali pantchito. Tinkati ndi kutopa."

"Ndiye mwaona. Mphamvu za m'mapewa sizitsuka mitsempha. Mankhwala a BP mumamwa?"

"Imamwa ndi jombo," anayankha mayi a mapasa.

Adokotala anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, osafunsanso. "Akamakuvutani mankhwala, bwerani tikusinthireni. Alipo amitundumitundu. Osangosiya nokha. Inunso mayi, dziwani kuti kwa azimayi, okalamba ndi odwala shuga, nthawi zina pachifuwa sipapweteka kwenikweni. Zimangobwera ngati kufooka kwachilendo, kubanika, nseru, kapena kuwawa kwa nsagwada ndi msana. Osanyozera."

Adokotala atatuluka, a Chitsulo anatambasula dzanja. Akazi awo sanaligwire msanga.

"Mwakwiyabe?"

"Ndakwiya, inde. Munaopa kusekedwa ndi anyamata kuposa kundisiya ndekha ndi ana. Zimenezo zindipweteka nthawi yaitali."

"Ndinalakwa, mayi a mapasa."

"Munalakwadi." Kenako anagwira dzanja lija, n'kulifinya kolimba.

Tsiku lotsatira kunabwera Chigayo, atavala malaya oyera, chipewa chili m'manja. Chimunthu chonse chija chinaima pakhomo la wodi ngati mwana wolakwa.

"Alamu, sindinagone. Ndikanamupha mnzanga ndi mapazi angawa."

Mayi a mapasa anamuyang'ana. Mkwiyo unali utaphwa pang'ono. "Mapazi anu anawonjezera, koma chimene chikanamupha ndi nthawi imene munkataya. Mukanayala makatoni aja m'galimoto, osati pansi."

A Chitsulo anachira. Madokotala atawalola, anabwerera kuntchito, koma matumba anawasiyira anyamata. Tsopano amaima pageti n'kumalozera malole poima. Fodya anasiya, ngakhale masabata oyamba nyumba yonse inalawa ukali wawo. Kabotolo ka mapiritsi kamakhala patebulo, pafupi ndi kapu, ndipo amamwa akazi awo akuona. Madzulo awiriwa amayenda wapansi kuzungulira dera lawo, akukangana njira yonse.

Kapitawo uja, mwina chifukwa cha manyazi, anaitana anesi kuti akalankhule ndi antchito onse ndi kuwapima BP. Angapo anapezeka nayo yokwera, kuphatikizapo Chigayo. Kupondana sikunathe, chifukwa msana wa wonyamula simenti sudzasiya kuwawa. Koma tsopano Chigayo asanavule nsapato amayamba wafunsa: "Pakuwawa ndi pati? Pachifuwa pali bwanji?" Tsiku lina dalaivala wa lole atadandaula kuti pachifuwa pamulemera ndipo thukuta likumutuluka, palibe anathamangira makatoni. Anathamangira makiyi, ndipo dalaivalayo ali moyo lero.

Phunziro lake nali. Kulemera kapena kufinya pachifuwa kosasiya, ululu woyenderera kumkono, kukhosi, kunsagwada kapena kumsana, thukuta lozizira, kubanika ndi nseru, zingakhale zizindikiro zoti mtsempha wa mtima watsekeka. Musamuponde munthuyo, musamusisite, musadikire kuti zitha. Mukhazikeni pansi, itanani thandizo, mufike naye kuchipatala msanga. Pimitsani BP ndi shuga, siyani fodya, chepetsani mchere ndi mafuta, ndipo mankhwala amene mwapatsidwa muzimwa ndinu, osati jombo.