Kadontho Kofiira pa Mfuti ya Bambo

Bambo atamwalira anatisiyira mfuti yaing'ono imodzi, ine ndi achimwene anga a Rodel. Kagalasi ka kadontho kofiira kolozera chandamale ndinakagula ndine, n'kukamanga pamfutipo, n'kukachuna kuti chipolopolo chizigwera pakadonthopo pa mamita 25, pomwe mbale zachitsulo za mpikisano wowombera zimaima. A Rodel ankangonyoza.

"Wakuba saima kutali choncho, Marivic. Chuna pa mamita asanu."

"Inu mumatsinzina diso limodzi n'kumayang'anitsitsa kadontho m'malo mwa chandamale. Mundiphunzitsa chiyani?"

Tsiku la mpikisano m'chigawo cha Bulacan ndinayang'ana mbale ndi maso onse awiri, kadontho kali pakati penipeni, n'kuwombera. Fumbi linabuka kumanzere. Ndinawomberanso, kumanzere komweko. Mbale zonse zinangoima chilili mpaka nthawi yanga inatha.

Kumbuyo kwanga a Rodel ankaseka, nthochi yokazinga ili m'kamwa. "Manja akunjenjemera, chemwali! Bwerera kukhitchini."

Ndinayang'ana kagalasi kaja. Kachitsulo kochunira kanali kokandikakandika.

"Mwagwirako, eti?"

"Ndangokonza pang'ono. Pa mamita asanu ikulasa bwinobwino."

"Pafupi choncho kukhota sikuoneka, mbuli inu! Mwandichititsa manyazi pagulu."

Ndinachotsa zipolopolo, ndinamasula kagalasiko anthu onse akuona, n'kukaponya m'chikwama changa. Mfutiyo ndinawakankhira patebulo.

"Mfuti ndi ya tonse, tengani. Galasi ndi langa. Pa mamita anu asanuwo, ngakhale mwala ukukwanirani."