Kompuresa ya kwa Wamatayala

Amuna anga ndi ometa. Amameta tsitsi ndi ndevu m'kachipinda koyang'ana kumsewu, ndipo chimene amachidziwa bwino padziko lino ndi kusalaza. Chimenecho ndi chomwe chinawapusitsa. Ankaganiza kuti munthu amene amasalaza chibwano cha mnzake osamucheka sangalephere kusalaza galimoto.

Galimotoyo inali ya malemu apongozi anga aamuna. Chimwalirireni eni ake inangokhala kuseri kwa nyumba, itafundidwa chipulasitiki chong'ambika, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Pogulidwa inali ya buluu. Dzuwa ndi dzimbiri zinaisandutsa mtundu wopanda dzina, wonga madzi otsukira mbale.

Apongozi aakazi timakhala nawo. Matenda a shuga anayamba kuwadya maso, ndipo dokotala sanabise mawu: kuona kukupita, ndipo sikudzabwerera. Pobwera kuchokera kuchipatala tsiku limenelo sanalire. Anangoima pakhomo lakuseri n'kuyang'ana chipulasitiki chija.

"Ndikanakonda nditaionanso ili ya buluu, maso asanatseke," anauza mwana wawo. "Iwe utabadwa, bambo ako anadzatitenga nayo imeneyi."

Ine ndinadziwa kuti pakhomo pano pagwa ntchito.

Kugaraja anawauza kuti adikire, magalimoto alipo ambiri pamzere. Maso a amayi awo sakanadikira. Ndiye anayamba kuonera mavidiyo pafoni, pakati pa mutu wina ndi mutu wina, mpaka anakhutira kuti kupenta galimoto ndi kumeta ndi pachibale. Anagula penti, thinala wosungunulira pentiyo ndi mfuti yopopera. Chinatsala ndi kompuresa, makina aja opopa mpweya, chifukwa mfutiyo popanda mpweya ndi chidole.

Kasitomala wina anawanong'oneza kuti wokonza matayala wa pamphambano wagula yatsopano, yakale akugulitsa. Ndinapita nawo, osati chifukwa ndimadziwa makina, koma chifukwa ndimawadziwa amuna anga. Akachikonda chinthu makutu amatseka.

Kwa wamatayala pansi panali pakuda bii. Pakhomo panali theka la mgolo lodzaza madzi oviikamo machubu. Kompuresayo inali pakona, yofiira, thanki yake yonenepa ngati nkhumba yogona.

"Imapopa?" anafunsa amuna anga.

"Achimwene, imeneyi yapopa matayala a mathiraki," anatero wamatayala. "Chiigulireni sinandigwetsepo mphwayi."

Anaiyatsa. Inabangula mpaka malata ananjenjemera, kamuvi ka pa kawotchi kake kakukwera. Amuna anga anachita zonse zimene anaona pafoni. Anakoka lamba. Anayang'ana mawaya. Anapaka thovu la sopo m'molumikizira mapayipi kuti aone ngati mpweya ukuthawa. Sumathawa. Kenaka analozetsa payipi pachikhatho chawo n'kumwetulira.

"Munapentapo nayo?" ndinafunsa ine.

"Mayi, mpweya ndi mpweya basi," anatero wamatayala. "Kaya mukuuika m'tayala, kaya m'penti, ndi womwewo."

Sankanama. Ankakhulupirira zimene ankanena, ndipo amuna anga anakhulupirira naye limodzi.

Poikweza m'kalole kamene tinabwereka, thanki inapendeka, ndipo ndinamva chinthu chikuti khuvu khuvu m'kati mwake.

"Muli madzi umu," ndinatero.

"Ndi oyilo ameneyo."

"Oyilo salira choncho."

"Iwe, za makina wayamba kuzidziwa liti?"

Ine chinthu ndimanena kamodzi, kachiwiri ndimasungira ana.

Pa kukonzekera sindingawanyoze. M'mawa uliwonse asanapite kukatsegula kometera ankapala galimoto ija ndi sandipepala, kumata mophwanyika, kupalanso. Masabata anadutsa. Zala zawo zinasupuka mpaka makasitomala anayamba kudandaula kuti dzanja lawo likukanda. Koma galimotoyo inasalala ndithu, ukaiyendetsa chikhatho sumakhumudwa paliponse.

Apongozi ankakhala pampando pakhonde lakuseri, nkhope ataloza kumene kunkachokera kukwecha.

"Mukuona mmene ikuyendera, amayi?"

"Ndikuona, mwanawe, ndikuona."

Ine ndinaona zina. Ndinaona kuti ayamba kuyenda akugwira khoma, ndipo pothira tiyi ankapisa chala m'kapu. Amuna anga amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa, ndiye zoterezi sankaziona. Ndinaganiza zowauza, koma maso anali a eni ake, ndipo eni ake ankati akuona.

Tsiku lopenta linali Lamlungu lopanda mphepo. Tinawaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Tinamata manyuzipepala pamagalasi ndi pamagetsi. Amuna anga anamanga kansalu pamphuno, n'kuyatsa kompuresa, nkhuku zonse balala.

Chitseko choyamba chinatuluka bwino, ngakhale ine ndinavomereza mumtima. Atafika pa boneti mfuti ija inayamba kulavula. Inkapopera bwinobwino, kenaka tsi, tsi, ngati munthu amene wameza ntchentche. Anaigwedeza, anaipukuta kukamwa, n'kupitiriza. Pofika masana galimoto yonse inali ya buluu. Ukaima kuchipata inkawala moti mnansi wathu anasuzumira pampanda n'kuimba mluzu.

Dzuwa litaiwomba, timatuza tinayamba kutuluka. Poyamba pa boneti, kenaka padenga, kenaka paliponse, ting'onoting'ono, tothithikana ngati chikuku. Amuna anga anaizungulira. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akulimbana ndi zotupa za pachibwano anaima kutsogolo kwa chibwano chachikulu chotupa chimene anachipanga yekha.

Kenaka anagwada pa kompuresa ija n'kuyamba kupapasa kunsi kwa thanki. Anapezako kampopi kakang'ono, kouma ndi dzimbiri, kamene palibe anakayang'ana tsiku logula lija. Anakapotokola ndi pulayala. Kanakana, kenaka kanalola. Madzi ofiira, onunkha chitsulo ndi oyilo, anatuluka mwamphamvu n'kuwanyowetsa thalauza.

Mpweya ukapanikizidwa umatuluka thukuta, ndipo thukutalo limadikha pansi pa thanki. Wopenta amayenera kulikhetsa tsiku lililonse. Wamatayala sanakhetsepo chiigulireni, chifukwa tayala silidandaula likamwa timadzi. Madzi a zaka zonsezo ndi amene anakwera m'payipi n'kukalowa m'penti wathu.

Amuna anga sanandiyang'ane. Ndinangobweretsa beseni n'kutchera.

"Ndiye mutani?" ndinafunsa madzi atasiya kudontha.

"Kukonza kwake ndi kudikira aume, kupala yonse, n'kuyambiranso." Anapukuta manja pa thalauza lonyowalo. "Nthawi imeneyo palibe. Ndipo amayi saona bwino, timatuza totere sangatione. Iwo akufuna mtundu. Mtundu ulipo."

Zinamveka zanzeru, ndipo sindinatsutse.

Tinadikira kuti penti agwire. M'mawa mwake anachotsa manyuzipepala, anapukuta magalasi, anapaka matayala polishi wa nsapato. Ndiye anakawatenga amayi awo, atawagwira pachigongono.

"Nayi, amayi."

Apongozi anaima pabwalo akumwetulira, nkhope ataloza pa chingwe choyanikira zovala. Galimoto inali kumanzere kwawo. Amuna anga anawatembenuza pang'ono, akuganiza kuti ndi dzuwa lawathobwa. Apongozi anatambasula manja onse awiri kutsogolo n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka mawondo awo anagunda bampala.

Anayala zikhatho pa boneti. Anaziyendetsa kupita kumtunda, kubwerera, kupita m'mbali. Pabwalo panali zii, moti tinkamva khungu lawo likukhula timatuza tija.

"Ndi ya buluu?" anafunsa.

Amuna anga anatembenukira kwa ine.

"Ndi ya buluu, amayi," ndinayankha ine.

"Buluu wake uja?"

"Yemweyo."

Anagwedeza mutu, manja akuyendabe.

"Amayi," anatero amuna anga, "kodi simukuiona?"

"Ndinasiya kuona iwe uli pakati popala. Ndimangomva kukwecha."

"Nanga bwanji osanena?"

"Ukanasiya. Ndipo kukwechako kumandisangalatsa, kumakhala ngati bambo ako ali kuseri kuno."

Ine si munthu wolira msanga, koma apa zinandiwawa. Zinandiwawa chifukwa cha amuna anga, amene anaima manja ali lende, zala zosupuka, atapatsa amayi awo mtundu umene sangauone ndi khungu limene angalimve lonse.

Apongozi anazungulira mpaka kuchitseko chakutsogolo, chija chinapentedwa madzi asanafike. Pamenepo dzanja lawo linatsetsereka bwino. Anaima, n'kubwerezanso.

"Apa ndiye ndi iyo," anatero. "Inali chonchi yonse. Kwinaku yatuluka nsungu, mwanawe. Makasitomala ako umawatulutsa chonchi?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye uipalenso. Uisalaze yonse ngati chitseko ichi, ndidzabwera kudzaigwira." Anafufuza mkono wanga kuti ndiwabwezere kumpando. "Koma usathamange ayi. Panopa palibenso chothamangira."

Kutacha, madzi a tiyi asanawire, kuseri kunayamba kumveka kukwecha. Ndinasuzumira pazenera la kukhitchini. Kampopi ka kunsi kwa thanki kanali kotsegula, beseni litatcheredwa. Apongozi anali kale pampando wawo. Amuna anga anapala kachigawo kakang'ono ka boneti, n'kuika sandipepala pansi. Kenaka anatsinzina, n'kuyendetsa chikhatho pamene apalapo.