Wosunga Nsapato za Anzake

Kalata ya kusukulu inawapeza mayi telala akumasula msoko wa yunifolomu ya mwana wawo, kuti aikulitse kachitatu chaka chomwecho. Mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ankamutchula kuti Dona. Kalatayo inati anamwino ayeza ana onse, ndipo thupi la Dona lapitirira msinkhu wake. Asamabwerenso ndi mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera, poti sukulu yayamba kuphikira ana.

"Kani kudyetsa mwana kwasanduka mlandu?" anatero mayiwo.

Iwo ali mwana ankapita kusukulu m'mimba muli pululu, ndipo analumbira kuti wawo sadzaziona zimenezo.

M'mawa mwake anapita kusukuluko mtima uli m'mwamba. Anapeza ana akuthamanga pabwalo. Dona anali pansi pa mtengo yekha, mulu wa nsapato uli pambali pake.

"Bwanji sukuthamanga, mwana wanga?"

"Mpweya umandithera, amayi. Ndiye ndimangowasungira anzanga nsapato."

Mayiwo anayang'ana mulu wa nsapatowo, kalata ija ili m'manja. Aphunzitsi a masewera anabwera, chingwe chodumphira chili paphewa, n'kuwapatsa moni.

"Sitikumulanda chakudya, mayi. Tiyeni mukaone."

Kukhitchini, ophika ankagawa m'mbale nyemba, masamba ndi dzira, nthochi pambali. Mayi telala anayang'ana mbalezo nthawi yaitali.

"Ndinkaopa kuti angamve njala ngati ine," anatero motsitsa mawu.

"Pano njala timaitsekera kugeti," ophikawo anayankha, chikombe chili m'manja. "Talawani kaye, musanatiweruze."

Analawa, n'kupempha kamchere.

Atabwerera pabwalo, aphunzitsi anawapatsa mbali imodzi ya chingwe. "Mundithandize kupukusa, koma pang'onopang'ono."

Dona anadumpha kawiri n'kukodwa. Anayang'ana amayi ake mwamanyazi.

"Gwira apa, ndikuonetse," anatero mayiwo, akuvula masilipasi. Anadumpha katatu, kachinayi anakhala pansi phwata! Ana onse anafa nalo phwete, Dona kuposa onse, mpaka misozi. Kenako Dona anawadzutsa, n'kuyesanso yekha. Anafika kasanu.

Poweruka sanakwere basi. Anayenda wapansi, akupuma pamthunzi uliwonse, Dona akuwafotokozera amene amathamanga kwambiri m'kalasi mwawo.

Kuyambira sabata imeneyo, Lachinayi lililonse m'mawa shopu ya telala inkakhala yotseka, mwini wake ali kusukulu kupukusa chingwe. Makasitomala anadandaula kwa milungu iwiri, kenako anazolowera kubwera masana.