Womaliza Kulankhula

Herin anamupeza Kyungmo pakhomo la laibulale akukutumula chipale chofewa pa jekete, ndipo sanadikire n'komwe kuti alowe.

"Achimwene, dzina la Darae tilichotse. Ndakambirana kale ndi Juwan."

Kyungmo anatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Chimfine chimene anachitenga kumalo opakira katundu, kumene ankagwira ganyu m'mamawa asanabwere ku yunivesite, chinali chitamutseka pakhosi. Anangoloza kukhosiko.

"Ndiye bwino, mungomva," anatero Herin. "Lipoti tikupereka Lachisanu. Chiyambireni mwana uja sanayankhulepo kanthu pa msonkhano. Gawo lake linali losavuta, kufunsa okalamba pokwerera basi, koma wabweretsa timapepala tochepa, natonso tosadzaza. Ine chino n'chaka changa chomaliza. Sindingabereke munthu kumsana mpaka kumapeto."

Apulofesa ananeneratu tsiku loyamba kuti amene sakugwira ntchito, mtsogoleri wa gulu achotse dzina lake pachikuto cha lipoti. Wopanda dzina ndiye kuti walephera phunzirolo. Kyungmo ankadziwanso china chimene Herin sanachitchule. Darae ankagona ku hositelo, ndipo zipinda za kumeneko amapatsa okhawo amene akhoza bwino. Kwawo kunali kuchilumba, kutali kum'mwera. Akalephera, chipinda chapita.

Utsogoleriwo Kyungmo sanaupemphe. Tsiku limene anayiwo anakumana koyamba, anafunsana zaka zobadwa monga mwa nthawi zonse, kenako maso onse anagwera pa iye, wamkulu pa onse, amene anali atangobwerera kusukulu kuchokera ku usilikali. Ndipo iye anayendetsa misonkhano mmene ankadziwira, mmene zinalili kunyumba kwawo ndi kumsasa wa asilikali. Wamkulu amayamba. Akamaliza iye, Herin. Akamaliza Herin, Juwan. Pomaliza Darae, wa chaka choyamba.

Analowa m'kachipinda kowerengera kamene ankakatenga kwa ola limodzi. Darae anali atafika kale, atakonza mipando, ndipo ankathira tiyi wa balere m'makapu a pepala. Anapereka kapu yoyamba kwa Kyungmo ndi manja awiri. Juwan anafika mochedwa, tsitsi lili nyankhalala.

"Ndamva kuti akuluakulu a nkhondo atha mawu," anatero. "Achimwene, mwakhala mukutilamula mwezi wonse, Mulungu wamva kulira kwathu."

Anatulutsa switi ya pakhosi m'thumba n'kuiika pafupi ndi kapu ya Kyungmo, osayang'ana, ngati wangoitaya.

Onse anakhala pansi n'kudikira. Kyungmo anadabwa kuona kuti akudikira iyeyo, ngakhale ankadziwa kuti sangalankhule. Anakodola Herin, ndipo Herin anayamba.

Aka kanali koyamba kuti Kyungmo akhale pa msonkhano wa gululi alibe choti anene. Masiku ena onse, akamaliza gawo lake, ankakhala akukonza m'mutu zoti adzatsekere, kapena kulimbana ndi tulo. Tsiku ili tulo linalipo ndithu, maso akuyabwa ngati muli mchenga, koma analibe kothawira. Anamvetsera.

Herin ankalankhula bwino, koma chilichonse ankachinena kawiri, poopa kuti koyamba palibe wamva. Ndipo zinalidi choncho. Juwan ankagwedeza mutu pa malo oyenera, chala chili pa foni pansi pa tebulo, kudikira mpata woponyera nthabwala. Nthawi ya Juwan itafika, Herin anayamba kulemba zake pa kompyuta.

Kenako Kyungmo anaona Darae. Nthawi iliyonse wolankhula akapuma, mtsikanayo ankakoka mpweya, kusendera kutsogolo pang'ono, milomo n'kutseguka. Wamkulu wina akatenga mpatawo, ankabwerera pampando n'kugwira fulasiki, kuyang'ana kapu ya ndani yatha. Zinachitika kamodzi, kawiri, mpaka Kyungmo anasiya kuwerenga.

Juwan akumalizitsa, wina anagogoda pagalasi la chitseko. Anali a gulu lotsatira, akuloza wotchi. Onse atatu anayamba kulongedza, Darae woyamba, kusonkhanitsa makapu. Apa m'pamene Kyungmo ankanena mawu ake a nthawi zonse: Darae, zako tidzamva ulendo wina. Anayesa kukumbukira tsiku limene ulendo winawo unafika. Sanalipeze.

Ambuye, ndatopa, anapemphera chamumtima. Ndithandizeni ndisalakwire mwana wa eni chifukwa chotopa.

Atatuluka, Herin anamuyang'ana ndi maso ofunsa. Kyungmo analoza ku masitepe akumbuyo, kumene anthu sadutsadutsa. Anakhala pansi pamenepo, zikwama pamiyendo, kuzizira kukulowa m'mathalauza.

"Darae," ananong'ona Kyungmo. "Yamba iwe."

Darae anayang'ana Herin, kenako Juwan. "Achemwali mwina sanamalize."

"Ndamaliza," anatero Herin.

Panali zii. Pansi pa nyumbayo makina otsukira pansi ankalira. Juwan anakoka mpweya kuti anene kanthu, Kyungmo anamugwira bondo. Patapita kanthawi Herin anati, "Chimene akufuna kunena n'chakuti," ndipo Kyungmo anapukusa mutu. Kudikirako kunali kowawa kwa onse. Nkhope ya Darae inafiira mpaka m'makutu.

"Ndinasiya kupita kokwerera basi kuja," anatero pomaliza, maso ali pa nsapato zake.

Kyungmo anamukodola kuti apitirize.

"Ndinapita masiku oyambirira. Ndikangoyandikira ndi mapepala, agogo amandithamangitsa. Amaganiza kuti ndine wa timipingo tija timayamba ndi mafunso kenako n'kumukokera munthu kwawo. Agogo ena anandilalatira pagulu, akuti nditaye zimenezo ndibwerere kwa makolo anga. Anthu anaseka. Ndinkafuna kufunsa ngati wina angapite nane. Kapena ngati pali njira ina yosonyezera kuti ndine wa pasukulu pano."

"Ndiye osanena bwanji?" anafunsa Herin.

"Ndimadikira nthawi yanga."

"Foni ulibe?"

"Ndinalemba. Ndinafufuta. Achimwene amagwira ntchito m'mawa, ndipo aliyense anali atachita gawo lake osadandaula. Zimaoneka ngati ndikunena kuti munagawa molakwika." Anakweza maso. "Koma kusiya kupita ndinalakwitsa ndekha. Zimenezo sindikukana."

Herin anapumira m'mwamba. "Ine ndili chaka choyamba ndinkangolankhula. Palibe ankandiletsa."

"Mpaka lero palibe wakwanitsa, achemwali," anatero Juwan.

"Iwe khala chete, ntchito yako ndi yodzaza zolakwa."

Darae sanaseke. Anali atagwira lamba wa chikwama ndi manja onse awiri. "Ndamva kuti mukufuna kuchotsa dzina langa," anatero. "Makoma a m'laibulale ndi opyapyala."

Herin anayang'ana kumbali, koma sanabwerere m'mbuyo. "Ntchito sinagwirike, achimwene. Kaya chifukwa chake n'chomveka, mapepala palibe. Popanda mayankho a okalamba lipoti lathu ndi chigoba. Chisoni sichitipatsa malikisi."

Zinali zoona, ndipo Kyungmo ankadziwa. Anaganizira za mawa lake. Akaweruka kopakira katundu ankakhala ndi masana amodzi okha pa mlungu opanda kalasi, a mawawo, ndipo ankawagwiritsa ntchito kugona. Mlungu wonse thupi lake linkadikira masana amenewo. Anamva mkwiyo waung'ono, wa munthu amene akulandidwa bulangete, ndipo anaudikira mpaka unadutsa.

"Dzina likhala," ananong'ona. "Mawa masana ndipita naye."

"Ndi mawu amenewo?" anatero Herin. "Agogo osamva afunsidwe ndi munthu wosalankhula?"

"Alankhula Darae. Ine ndingoima."

Juwan anadzuka n'kuvula jekete lake, lija la ophunzira lokhala ndi dzina la yunivesite m'zilembo zikuluzikulu kumsana. Analiponya pamiyendo ya Darae. "Vala ili. A timipingo savala zonyansa chonchi. Koma usalichape, mphamvu zake zili mu fungo."

Herin anaimirira n'kupachika chikwama paphewa. "Lachinayi madzulo mapepala akhale m'manja mwanga. Akapanda kutero ndipita ndekha kwa apulofesa, ndipo ndikuuzirani pamaso kuti musadzati ndinachita mobisa." Anatsika masitepe angapo, kenako anaima osatembenuka. "Usayambe ndi pepala. Yamba ndi kuwafunsa basi imene akudikira. Pepala ulitulutse akakhala pansi."

"Zikomo, achemwali."

"Usandithokoze, sindinasinthe maganizo."

Mawa lake kunazizira kwambiri. Kyungmo anafika pokwerera basi pafupi ndi msika ali ndi fumbi la makatoni m'manja. Darae anali atafika kale, atamira m'jekete la Juwan, manja ake osaoneka. Okalamba awiri oyamba anawakana. Wachitatu, bambo wokalamba wa ndodo, anawakwezera dzanja lowakana asanayandikire n'komwe.

Kenako panafika agogo aakazi akukoka kangolo ka kabichi. Darae anawathandiza kukakweza pakakhonde ka m'mbali mwa msewu, n'kuwafunsa basi imene ankadikira. Agogowo anamuzungulira, kuwerenga zilembo za kumsana pang'onopang'ono, kenako anayang'ana Kyungmo.

"Uyu ndi mkulu wako?"

"Ndi mtsogoleri wa gulu lathu, agogo."

"Akudwala. Umugulire tiyi." Anakhala pabenchi n'kumenya malo a pambali pawo. "Funsa."

Darae anafunsa funso loyamba, lokhudza kutalika kwa sitepe yokwerera basi. Agogowo anayamba ndi mawondo awo, n'kupita kwa mpongozi wawo amene saimba foni, n'kufika pa mtengo wa kabichi chaka chino. Kyungmo anamva lilime likumuyabwa kuti awabwezere ku funso, monga ankachitira pa misonkhano. Ngakhale akanafuna, mawu analibe. Darae sanawadule. Ankangovomera, cholembera chili chilili, mpaka agogowo anabwerera okha ku sitepe ija, n'kunena kuti anagwapo chaka chatha ndipo kuyambira pamenepo amadikira basi ya sitepe yotsika ngakhale ichedwe bwanji. Darae analemba mofulumira.

Bambo wa ndodo uja anali atasendera kufupi, akumvetsera.

"Zimenezo n'zochepa," anatero. "Mundifunse ine za madalaivala."

Kyungmo anatsamira pamtengo wa chikwangwani n'kutseka maso. Anayamba pemphero lothokoza, koma sanafike nalo patali. Kumbuyo kwake ankamva mawu a Darae, otsika, akufunsa bamboyo kuti adikire pang'ono agogo amalize kaye.