Diresi Loyezera pa Mimba ya Bambo

Chilimwe chinali chisanafike penipeni, koma Mayi Changu anali atadana kale ndi zovala zake zonse. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pamzere wa nyumba za lendi, chifukwa ankachapa, kuphika ndi kukalipa nthawi imodzi. Tsopano anali woyembekezera mwana wachiwiri, ndipo masiketi ake anali atayamba kumukana. Zipi inkakwera kufika pakati n'kuima ngati yaona njoka. Pa mimba yoyamba anapirira kutentha atavala malaya a mwamuna wake, thukuta lili kamukamu, ndipo analumbira kuti zimenezo sadzabwerezanso.

Nsalu anali nayo, yopepuka, yachikasu, ya timaluwa tobiriwira, imene anamupatsa mng'ono wake. Inali yongokwanira diresi limodzi. Kulakwitsa pang'ono, ndiye kuti basi. Makina osokera anabwereka kwa mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene ananeneratu kuti dzuwa likamalowa adzawatenga, poti mawa lake ankasamuka.

Vuto linali lakuti diresilo silinali la mimba ya lero. Linali la mimba ya miyezi ikubwerayo, dzuwa likadzayamba kuswa mtengo. Nanga mimba yoti sinafike ungaiyeze bwanji? Anadula nsaluyo motayirira, n'kuilumikiza ndi ulusi wongogwiriza, kenako anamangirira pilo pamimba kuti ayese. Sizinathandize. Pilo sapuma, sawerama, ndipo munthu sungadziike wekha mapini kumsana.

Ali mkati moganiza, maso ake anagwera pa mwamuna wake. Anali pa sofa, tsiku lake lopuma, alibe malaya, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto. Anali dalaivala wa lole, wamfupi ngati mkazi wake yemwe, ndipo zaka zokhala pachiwongolero zinamupatsa mimba imene anzake kuntchito ankamutchulira Thanki. Mayi Changu anaiyang'ana mimbayo mmene munthu amayang'anira dzungu pamsika.

"Bambo, taimirirani."

"Ndalakwanso chiyani?"

"Simunalakwe. Lero ndiye muli ndi ntchito. Tembenukani chammbali."

Thanki anatembenuka. Mkazi wake anamuzunguliza tepi yoyezera, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Yakwana. Kwezani manja."

Ataona diresi likubwera, Thanki anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati. "Ayi mayi, ayi! Ine ndine munthu wamkulu, ndimayendetsa lole ya matayala ambirimbiri."

"Mimba ndili nayoyi ndinaitola panjira?"

"Sindikutero."

"Ndiye mwini wake ndani?"

"Ndine."

"Ndiye kwezani manja, mwini wake."

Diresi linatsika n'kukhala pa iye ngati linasokeredwa iyeyo. Mayi Changu anamukweza pa kampando kuti aone bwino mpendero, anadzaza mapini m'kamwa, n'kuyamba ntchito. Anapinda makwinya pansi pa chifuwa, anaika mapini kumsana konse, analemba ndi choko pamene padzakhale matumba. Matumba ankafuna akuluakulu, olowa foni, makiyi ndi botolo la mwana, osati timatumba ta m'sitolo tolowa zala ziwiri.

"Pumani bwinobwino, musabise mimba."

"Sindikubisa."

"Mukubisa. Mukuopa ndani? Itulutseni yonse."

Thanki anaitulutsa, makwinya n'kutambasuka bwino.

"Aaa! Mwandibaya!"

"Mwadzibaya nokha. Ndani wakuuzani kuti mudzikande?"

Chitseko chinali chotsekula chifukwa cha kutentha, pali katani yokha. Mpendero uli pakati, kunja kunamveka mawu amene Thanki ankawadziwa ngakhale ali m'tulo.

"Odi kuno! A Thanki alipo? Ndabweza pampu ija!"

Anali makaniko wa kuntchito kwawo, amene aliyense ankamutchula Wailesi. Nkhani ikafika m'makutu mwake m'mawa, pofika masana inkakhala itafika kwa mlonda, kwa bwana ndi kwa mayi wogulitsa nthochi pageti.

"Mayi, ndivuleni," ananong'ona Thanki. "Chonde, ndivuleni msanga!"

"Mukangosuntha, mpendero upotoka," anayankha Mayi Changu, mapini ali m'kamwa. "Imani."

Wailesi sankadikira kuti auzidwe kulowa. Anakankha katani ndi pampu, n'kuima. Anayang'ana mapazi aubweya pa kampando, anakwera ndi timaluwa tobiriwira, mpaka kufika pa ndevu. Pampu inagwa pansi. Poyamba anangotsamira khoma, mapewa akugwedezeka. Kenako chiseko chinaphulika mpaka galu wa eni nyumba anayamba kuuwa.

"Alamu, pepani, sindimadziwa kuti muli ndi mlendo. Mwaswera bwanji, achemwali? Mwezi wake ndi uti?"

"Aise, tuluka," anatero Thanki.

"Ndituluka, ndituluka. Koma anzathu akuyenera kuona kaye." Wailesi anayamba kufufuza foni m'thumba.

Apa Thanki anapenga. Anagwira diresi pakhosi ndi manja onse awiri kuti alikoke, ndipo Mayi Changu anamva ulusi wa paphewa ukuti phwi. Mtima wake unati myuu. Nsalu yopepuka siichedwa kung'ambika. Akangokoka kamodzi, chilimwe chonse adzathera m'malaya a mwamuna, akununkha dizilo.

"Bambo! Manja pansi!"

Analavulira mapini m'mbale. Mmene ankadzuka, anaona chinthu chimene sanachionepo bwino pa Wailesi. Pansi pa kamalaya kake kopyapyala panali mimba, osati yamasewera, yotsika, yotsogola, mabatani akuchita kupempha chifundo. Ya Thanki inali ya pakatikati. Iyi inali ya mwezi womaliza weniweni.

Anapita pachitseko, anatseka, anakhoma, kiyi n'kuponya m'thumba la epuloni.

"Alamu, khalani pansi. Foniyo ikani patebulo."

"Aaa, alamu, ndi nthabwala chabe."

"Inenso ndimakonda nthabwala. Koma makinawa awatenga madzulo, ndipo mimba ya mnzanuyi yandiperewera. Ndikufuna yanu."

Wailesi anaseka, akuyang'ana uku ndi uku kuti ena asekenso. Palibe amene anaseka. Thanki, ali pa kampando paja, nkhope yake inayamba kuwala pang'onopang'ono ngati munthu amene wapeza mpando m'basi yodzaza.

"Aise," anatero motsitsa mawu, "ukuwaona mapiniwa? Ali kutsogolo, ali m'mbali, ena sindikudziwa n'komwe kumene ali. Ukakana, nditsika pano ndidzakukumbatire. Mwamphamvu. Ngati m'bale wanga."

Anatambasula manja. Mapini ananyezimira. Wailesi anayang'ana kamalaya kake, anayang'ana zenera, lomwe linali ndi zitsulo.

"Anthu inu mulibe chisoni."

"Vulani malaya, alamu, dzuwa likupita."

Kusamutsa diresi kuchoka pa mwamuna mmodzi kupita pa wina kunali ngati kusamutsa mazira. Mayi Changu analikweza pang'onopang'ono, Thanki akuthandiza kugwira kumsana mosamala kwambiri, poti tsopano diresilo ankalikonda. Litatsika pa Wailesi, linakwana, koma mothina.

"Khalani pampando."

Wailesi anakhala. Mapini awiri a m'mbali anathothoka n'kuulukira pansi pa sofa.

"Mwaona?" anatero Mayi Changu, akuloza ndi sizasi. "Ndikanasoka pa mimba ya bambowa, mwezi womaliza ndikanamadya choimirira. Dzukani. Weramani ngati mukutola sopo. Nyamulani ndowa iyo."

Wailesi anawerama, ananyamula ndowa, anaikanso pansi. Mayi Changu anamasula makwinya, anatulutsa nsalu yonse imene anabisa m'mphepete, anakweza matumba pang'ono kuti dzanja lizifika mimba ikatsogola. Kutsogolo kunali kutakwera chifukwa cha mimbayo, choncho anatsitsa mpendero wa kutsogolo kuti ufanane ndi wa kumbuyo.

Thanki anali atakhala pa sofa, akudzikupizanso.

"Tayendani tione, achemwali," anatero. "Chikasu chikukukhalani. Mukanameta ndevu ndikanakufunsirani."

"Ndidzakupha, aise."

"Musawakwiyitse, bambo, akufufuma. Alamu, pumani bwinobwino."

Thanki anatenga foni ya Wailesi patebulo, anaitembenuzatembenuza, n'kufunsa mwaulemu kuti pojambulira ndi pati. Wailesi ananena kuti kujambulana si khalidwe labwino pakati pa anthu akuluakulu. Thanki anavomereza kuti iyenso wakhala akuganiza choncho kuyambira kalekale. Anagwirana chanza, Wailesi akusamala kuti asakweze mkono kwambiri.

Atamuvula, Mayi Changu anatsekula chitseko n'kuwathamangitsira onse panja, kuti asamamupumire pakhosi. Makina anayamba kulira. Anasoka m'mbali, anakonza phewa lija, analumikiza matumba, osadzutsa mutu. Mwana atabwera kuchokera kosewera akulira njala, anamuloza kwa bambo ake ndi chigongono.

Panja amuna awiri aja anakhala pakhonde, aliyense akutola tiulusi tachikasu pachifuwa pake. Kudzera pazenera, Mayi Changu anamva Wailesi akutsokomola.

"Lero sindinabwere kuno."

"Sindinakuone."

Wailesi anadzikupiza ndi dzanja.

"Koma aise, kunena zoona, mphepo imalowa bwino m'menemuja."

"Usayambe."

Mwini makina anafika dzuwa litafiira, ali ndi mng'ono wake woti anyamule. Mayi Changu anali pa mpendero womaliza. "Dikirani pang'ono, anzanga, pang'ono pokha!" Anapalasa makinawo ndi mwendo ngati akuthawa galu, anafika kumapeto, anadula ulusi ndi mano, n'kukankhira makina kwa eni ake akadali ofunda.

Kenako analowa kuchipinda, n'kutuluka atavala. Diresi linali lopepuka ngati sanavale kanthu, matumba ali pamalo pake, koma kutsogolo kunali malo oti n'kulowamo munthu wina. Anazungulira pakhonde, nsalu ikuuluka.

Thanki anakanda mutu. "Mayi, silinakule kwambiri limeneli?"

Mayi Changu anapisa manja m'matumba, anayang'ana mimba yake, kenako ya Wailesi.

"Mundipatse nthawi," anatero. "Alamuwa ndiwapeza."