Mtsempha Wotsiriza wa Mayi Pettaway

Impso za Mayi Lorraine Pettaway zinafa akadali dalaivala wa basi ya ana asukulu mumzinda wa Milwaukee. Chinkawasunga ndi makina osefa magazi. Koma makinawo amafuna mtsempha waukulu wolowetsamo chubu, ndipo mitsempha ya mayiwa inkatsekeka umodziumodzi, kuyambira ya m'manja mpaka ya m'ntchafu. Lachinayi m'mawa chubu chomaliza chinakana kukoka magazi.

Amene ankawaika machubu onsewo anali Dokotala Ingrid Halvorsen, katswiri woyendetsa tiwaya m'mitsempha akuyang'ana pa ekisire, osang'amba munthu. Anawapeza atatupa nkhope, akupuma mobanika.

"Mwabweranso kudzawedza, adokotala?" anatero Mayi Pettaway.

"Lero tigwira, mayi. Musadandaule."

Anayesa m'khosi, kawaya kanapindika n'kubwerera. Anayesa m'ntchafu, chimodzimodzi. Atathira mankhwala oonetsa mitsempha, pa ekisire panangotuluka timitsempha topyapyala ngati mizu ya udzu. Thukuta linkayenderera pansi pa chovala chake cholemera chotchinga cheza cha ekisire.

"Mtima wayamba kudumphadumpha," anatero Darnell, nesi wake.

"Ndikuona, Darnell! Ndili ndi maso."

Mayi Pettaway anamugwira dzanja Ingrid. "Mwana wanga, usandinamize. Zatha?"

"Yatsala njira imodzi, yakumsana. Singano yaitali, kudutsa pambali pa fupa mpaka pa mtsempha waukulu wa m'mimba. Ndinaichitapo ndili pamaphunziro, aphunzitsi atandigwira dzanja. Ndekha sindinayesepo. Komanso muyenera kugona chafufumimba, ndi mmene mukupumiramu..."

"Ukapanda kuyesa?"

Ingrid anayang'ana pansi. "Simufika Lamlungu."

"Ndiye ukudikira chiyani? Nditembenuzeni, anthu inu."

Atangowatembenuza, milomo yawo inayamba kuda. Darnell anagwada kumutu kwawo atagwira chopumira, akuwachonderera kuti apirire. Ingrid analowetsa singano, n'kugunda fupa. Anaibweza pang'ono, n'kupendeketsa. Palibe chinatuluka. Pa ekisire, chapafupi pomwepo, panali mtsempha wina wothamanga magazi kwambiri, umene akanauboola mayiwa akanafera patebulo pomwepo.

"Adokotala, sakundiyankha!"

"Uziyankhula nawobe! Osasiya!"

Ingrid anakankhanso singano pang'ono atagwira mpweya. Magazi akuda anabwerera m'jakisoni, kusonyeza kuti waupeza mtsempha uja. Kawaya kanalowa osakodwa, chubu n'kutsatira.

"Atembenuzeni! Msanga!"

Masana makina anali akulira pambali pa bedi lawo, magazi akuzungulira. Mwana wawo wamkazi, Yolanda, anaimitsa Ingrid m'khonde akulira, n'kumukumbatira. Kenako anafunsa, "Nanga chimenechi chikadzatsekeka, mudzaika pati?"

"Palibenso pena, Yolanda. Sindikubisirani."

Ingrid analowa mu ofesi yake osadya n'komwe, n'kuimba foni kuchipatala choika odwala impso zina. Anafotokoza zonse, n'kupempha kuti mayiwa awaganizire msanga. Mayi wa mbali inayo anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti madokotala awo akumana sabata yamawa.